Kuzula, kumata kapena kungosamala? Mano a kholo lodwala matenda oiwalaiwala muno mu Lilongwe

Amayi anga anayamba ndi kusiya chimanga chowotcha, ife osalabadira. Kenako anasiya usipa. Pofika sabata yachitatu ankangotema mbamu imodzi ya nsima n'kuifumbata m'tsaya, osatafuna, osameza. Usiku ankayendayenda m'nyumba akubuula, ndipo tsiku lina mdzukulu wawo akuwapukuta kukamwa anamumenya dzanja, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Tonse tinati matenda awo aja akula. Achimwene anga anati tikawapemphere mankhwala ogonetsa. Mayi wina woyandikana nafe kuno ku Kawale ananong'ona zija mukuzidziwa, zimene zimanenedwa nkhalamba ikayamba kuyenda usiku.

Linali dzino. Dzino limodzi lakumapeto, lofumbwa mpaka kutsinde, nkhama itatupa mafinya.

Matenda a dimensha, amene ambiri timangoti kuiwalaiwala, salanda mayina a ana ndi adzukulu okha. Amalandanso njira yolozera pamene pakuwawa. Munthu amangokana chakudya cholimba, kugwiragwira tsaya, kuchucha dovu, kukwiya msanga, kusowa tulo, kapena kuvula mano oikirira amene wakhala nawo zaka zambiri. Ndipo mtundu wofala kwambiri wa matendawa, wa Alzheimer, umapitirira pang'onopang'ono kwa zaka, subwerera m'mbuyo. Zimene kholo lanu likulola lero, monga kuyasama mphindi khumi pamaso pa mlendo, mwina chaka chamawa silidzalola. Njira iliyonse imene ndifotokoze pansipa ili ndi nyengo yake, ndipo ikadutsa nyengoyo yadutsa. Ife tinachedwa, ndiye zina tinasankha, zina zinangotisankha.

Ndani agwire mswachi

Pali njira zitatu: kholo litsuke lokha inu mukukumbutsa, mutsukire limodzi, kapena muwatsuke inuyo.

Kuwasiya atsuke okha kumasunga ulemu wawo, ndipo manja amakumbukira zimene mutu waiwala. Vuto lake n'lakuti mukawafunsa kuti “Amayi, mwatsuka mano?” adzayankha kuti inde ndi mtima wonse, chikhalirecho mswachi ndi wouma. Sakunama ayi. Akukumbukira kutsuka kwa zaka makumi asanu zapitazo. Choncho funso silithandiza. Chothandiza n'kuwaikira mankhwala pamswachi, kuwapatsa m'manja, inu n'kutenga wanu n'kuyamba kutsuka pamaso pawo. Ambiri amatsanzira. Ngati zala zalimba ndi nyamakazi, kulungani chogwirira cha mswachi ndi kansalu, kapena chilowetseni m'mphira wa handulo ya njinga. Ife tinagula mphira wotere kwa okonza njinga za kabaza, ndipo unagwira ntchito kuposa china chilichonse chimene tinagula kufamase.

Njira yachiwiri ndi imene ine ndimaikonda, ndipo ndi imene inatitengera nthawi yaitali. Mswachi uli m'dzanja lawo, dzanja lanu lili pamwamba pa lawo, mukuyendetsa. Iwo amamva ngati akutsuka okha, pamene mano akumbuyo, amene paokha sakanawafika, akutsukika. Nthawi zina mumangoyambitsa, iwo n'kupitiriza.

Yachitatu imabwera ikafuna, simuitana. Apa ndi pamene pamabuka nkhondo m'nyumba zambiri, ndipo nkhondoyo kawirikawiri imayamba ndi kaimidwe kathu. Taganizani munthu amene simukumuzindikira bwino wakuimirirani kutsogolo, wawerama, akukulowetsani chinthu m'kamwa. Inunso mungalume. Akhazikeni pampando wokhala ndi chotsamira, inu mukhale chapambali kapena chakumbuyo pang'ono, mutu wawo utsamire pamkono panu koma usagadame, kuopa kutsamwa. Yambani mwawaonetsa nkhope yanu ndi mswachi, mawu akhale ochepa: “Yasamani pang'ono, amayi.” Chala chanu chingakweze mlomo kapena kutambasula tsaya, koma chisalowe pakati pa mano. Ngati akuluma mswachi, asiyeni alume chogwirira cha mswachi wina mbali imodzi, inu muzitsuka mbali inayo. Akakana, siyani, mubwerenso pakapita theka la ola ngati kuti simunayesepo. Kuiwala komweko kumakuthandizani.

Mabuku amati mphindi ziwiri, kawiri patsiku. Zoona zake n'zakuti masiku ena mudzatsuka mano akumanja okha, akumanzere mawa. Kutsuka kwa usiku ndiko kofunika koposa chifukwa m'tulo malovu amachepa, koma odwala ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa. Ngati madzulo kuli kovuta, tsukani akangomaliza chakudya chomaliza kusanade, osadikira nthawi yogona. Ndipo si lamulo kuti zichitikire kubafa. Amayi anga ankalola bwino pakhonde, beseni lili pamiyendo, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya.

Pali nkhani ya ulemu imene sitingaithawe. Mkamwini kapena mtengwa kulowetsa dzanja m'kamwa mwa apongozi si chinthu chopepuka, kwa onse awiri. Ngakhale wodwala waiwala dzina, manyazi aja amatsala. Yesani anthu osiyanasiyana m'banjamo. Kwathu amene ankaloledwa mosavuta anali mdzukulu wa zaka 14, yemwe uja anamenyedwa dzanja, dzino lija litazulidwa.

Mswachi uti, mankhwala ati

Mswachi wa mutu waung'ono, wofewa, ngakhale wa ana, umaposa yonse pa mtengo ndi pa ntchito. Waukulu wolimba uja umakanda nkhama ndipo sufika kumbuyo. Mswachi wamagetsi umatsuka bwino ndipo umapeputsa ntchito ya wosamalira, koma phokoso ndi kunjenjemera kwake zimaopsa munthu amene sanaugwiritsepo ntchito, mitu yake yosinthira ndi yodula, ndipo wotchaja umafuna kuti magetsi a ESCOM akhale alipo. Ngati kholo linauzolowera lisanadwale, pitirizani. Kuuyambitsa matenda atakula, ine sindingalimbikitse.

Mswachi wa kamtengo musaunyoze. Agogo amene anakula akutafuna kamtengo m'mawa uliwonse akhoza kukana pulasitiki koma n'kulandira kamtengo mosangalala, ndipo kamachotsadi zomata pamano akutsogolo. Kuperewera kwake n'kwakuti kumano akumbuyo ndi mkati safika bwino, ndipo munthu amene wayamba kuvutika kumeza akhoza kutsamwa ndi tizidutswa. Tingati ndi wothandizira, wa masana, wina uja n'kukhala wa madzulo. Kansalu koyera kokulunga kuchala n'kothandiza popukuta nkhama, lilime ndi m'masaya mwa munthu wopanda mano kapena wodwalika kwambiri, koma pamano sikachotsa zomata mokwanira.

Pa mankhwala otsukira, dzina la kampani lilibe kanthu, ngakhale tonse timangoti Colgate. Tembenuzani chubu muwerenge nambala ya fluoride, mankhwala olimbitsa mano kuti asawole: ikhale pakati pa 1,350 ndi 1,500 ppm, ndipo ambiri amalemba 1,450. Ikani kochepa ngati njere ya nandolo. Akamaliza alavule koma asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pamano. Ngati satha kulavula, pakani kochepetsetsa ngati kambewu ka mpunga, mukamaliza mupukute thovu ndi kansalu; kumeza kochepa chotero sikuvulaza. Alipo mankhwala amphamvu a 5,000 ppm amene adokotala a mano amalembera anthu amene mano awo akuwola msanga, ndipo mukhoza kuwafunsa.

Mchere, phulusa ndi makala zimayeretsa maso okha. Zilibe fluoride, ndipo makala ndi phulusa zimapala dzino, makamaka kutsinde kumene kwa okalamba kumakhala poyera nkhama zitatsika. Tsinde lilibe chikopa cholimba chija cha pamwamba pa dzino, n'chifukwa chake mano a okalamba amawola mozungulira m'munsi n'kuthyoka ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Madzi ofunda a mchere ali ndi malo ake pa zilonda, kwa amene akutha kulavula. Mankhwala ochukucha a chlorhexidine amathandiza nkhama zotuluka magazi, za chiseyeye zija, koma amadetsa mano akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, ndipo munthu woiwala amangowameza ngati Sobo. Kwa wotere n'kwabwino kunyowetsa mswachi kapena kansalu m'mankhwalawo n'kupaka. Nkhama zikamatuluka magazi potsuka musasiye kutsuka. Kawirikawiri magaziwo amabwera chifukwa chosatsuka, ndipo amachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Mwina mukufunsa ngati zonsezi n'zoyenera kuvutikira pa munthu amene watsala ndi mano asanu ndi limodzi. Nkhani si mano okha. Munthu amene akuvutika kumeza amakoka malovu ndi tizakudya kupita m'mapapo, ndipo tizilombo ta m'kamwa mosatsuka timapita nawo limodzi n'kuyambitsa chibayo, chimene chimapha odwala dimensha ambiri. Kafukufuku wa m'nyumba zosungira okalamba ku Japan, wofalitsidwa mu 2002, anapeza kuti okalamba amene ankatsukidwa m'kamwa mosamala ankadwala chibayo mocheperapo. Kwa a matenda a shuga, nkhama zotupa zimavutitsanso kutsitsa shuga m'magazi.

Za shuga wa m'kapu ndinene pang'ono, poti ndi pamene ambiri timagwa chifukwa cha chikondi. Matenda a dimensha amakonda kusintha kakomedwe, munthu n'kumafuna zotsekemera zokhazokha, ndipo amaiwala kuti wamwa kale tiyi. Kapu zisanu za tiyi wa masupuni atatu, thobwa lothira shuga, mandasi, mapiritsi ophwanyira mu jamu. Chimene chimawononga mano si kuchuluka kwa shuga kokha koma kubwerezabwereza kwake. Kuwamana zonse n'nkhanza, ndipo munthu amene akuwonda amafunika kudya. Ife tinasankha kuti zotsekemera zizibwera ndi chakudya, pakati pa zakudya pakhale madzi, mkaka, nthochi, peyala kapena phala la chiponde. Akatha kudya, yang'anani m'masaya; mumapezeka nsima ya m'mawa madzulo.

Onaninso mankhwala amene akumwa. Amitriptyline, chlorpromazine, promethazine ndi mapiritsi ena a BP okodzetsa amaumitsa m'kamwa, ndipo m'kamwa mouma mano amawola mwamsanga kwambiri. Nifedipine, amlodipine ndi phenytoin nthawi zina amakulitsa nkhama mpaka kukwirira mano. Musasiyitse mankhwala panokha. Auzeni amene anawalemba, kaya ndi kuchipatala cha BP kapena kwa a zamaganizo monga ku St John of God, aone ngati pali osinthira. Pakali pano, madzi pafupipafupi ndi Vaseline pamilomo.

Tipite nawo kuti

Choyamba mudziwe chifukwa chake mizere ya mano imatalika. Pamene sukulu ya udokotala ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Amene mudzakumane nawo m'zipatala zambiri ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences muno mu Lilongwe. Amadziwa kuzula, kumata ndi kupala mano, ndipo pa zosowa zambiri za kholo lanu ndi okwanira.

Zipatala zing'onozing'ono za boma, monga za ku Kawale, Area 18 ndi Area 25, ubwino wake ndi kufupika ndi ulere. Kumeneko mupeza mankhwala opha ululu, mankhwala a chotupa ndi kalata yokutumizani patsogolo. Si chipatala chilichonse chaching'ono chili ndi wa mano, ndiye tumani munthu akafunse kaye musananyamule wodwala.

Ku Kamuzu Central kuli dipatimenti ya mano yaikulu, ndipo n'kumene kuli madokotala a mano, X-ray, fiyeta ndi madokotala a matenda ena pamalo amodzi. Ngati kholo lili ndi vuto la mtima, likumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), shuga sakutsika, kapena silingakhale pampando popanda kugonetsedwa, kumeneko ndiye koyenera. Pokhala chipatala chotumizirako odwala, tengani kalata ndi buku la kuchipatala. Mtengo wake mumalipira ndi nthawi: anthu ambiri, phokoso, kudikira. Munthu wathanzi amangotopa, koma wodwala dimensha pakatha maola awiri pabenchi amakhala atasokonezeka moti pofika pampando sangayasamenso. Machenjera ake ndi kupita awiri. Wina alawire kukagwira malo pamzere, wina akhale ndi wodwala panja pamthunzi kapena m'galimoto, ndipo muwauze anamwino poyambirira kuti agogowa ali ndi matenda oiwalaiwala. Ambiri amamvetsa.

Zipatala za mishoni za CHAM, monga Likuni, St Gabriel ku Namitete ndi Nkhoma, zimalipiritsa koma mitengo yake imakhala yotsikirapo poyerekeza ndi zapulaiveti. Werengerani ulendo. Ku Nkhoma ndi makilomita pafupifupi 50 kuchokera m'tauni, ndipo minibasi yodzaza ndi kondakitala wokuwa si malo a munthu amene sakudziwa kumene akupita. Imbani kaye mudziwe masiku amene wa mano amakhalapo.

Kupulaiveti mumagula chinthu chimodzi chimene kwina kulibe: nthawi yoikika. Mukhoza kupempha ya m'mawa, pamene mutu wa wodwala uli bwinoko, kupempha dokotala yemweyo ulendo uliwonse, ngakhale kubwera tsiku loyamba kudzangokhala pampando n'kubwerera. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina, funsani malire a ndalama za mano ndi zaka za makolo amene amalandiridwa. Chenjezo langa ndi limodzi. Pamalo ena apulaiveti tinapatsidwa ndondomeko yokongola ya maulendo asanu ndi limodzi, yochotsa mtsempha wa dzino ndi kuliveka chisoti, ngati kuti wodwalayo ndi mphunzitsi wa zaka 40. Sanali achinyengo, anangoona dzino osaona mwini dzino. Funsani kuti, “Adokotala, zimenezi azisamala ndani pakatha zaka ziwiri?” Yankho lake lidzakuuzani ngati mwafika poyenera.

Njira ina imene ambiri timayamba nayo ndi ya kufamase kapena kugolosale: Panado, Brufen, amoxicillin, Flagyl. Panado ndi wabwino podikira tsiku la kuchipatala, ndipo kwa okalamba owonda mlingo wake umachepetsedwa. Brufen amawononga impso ndi m'mimba mwa okalamba, makamaka a BP. Maantibayotiki amaphwetsa chotupa kwa kanthawi, koma gwero lili m'dzino momwemo ndipo chidzabweranso. Kuika aspirin pankhama kumawotcha, osanena za madzi a batire ndi zina zimene anthu amalangizana. Ndipo ngati chotupa chatsikira pansi pa chibwano kapena chakwera kudiso, thupi latentha, akulephera kumeza kapena kupuma bwino, palibenso zoyerekeza. Ku Central tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Pampando paja: kumata, kupaka, kuzula kapena kusiya

Kumata kwa makina, kobowola ndi kuthira madzi, kumapereka chomata cholimba, koma kumafuna munthu wodekha mphindi 20 kapena 30, chagada, phokoso lili m'mutu, madzi ali kukhosi. Matenda akadali pachiyambi n'zotheka, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yochita zonse zikuluzikulu: kujambula, kumata zofunika kumata, kupala, kuzula zokayikitsa. Mukangouzidwa kuti kholo lili ndi dimensha, ulendo wa kwa adokotala a mano ukhale m'miyezi yoyambirira, ngakhale palibe dzino likuwawa. Ndi chinthu chimodzi chimene ndikanabwerera m'mbuyo ndikanachita.

Pali kumata kwina kopanda makina, kotchedwa ART, kumene kunayambira kwa anansi athu ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha zipatala zopanda magetsi. Wa mano amakokota chowola ndi tizitsulo ta m'manja n'kumata ndi glass ionomer, simenti imene imagwira dzino yokha ndi kutulutsa fluoride pang'onopang'ono. Kawirikawiri sipafunika jakisoni. Sikulimba ngati kwa makina pabowo lalikulu, koma pa timabowo ta kutsinde mwa okalamba n'koyenera kwambiri, ndipo kukagwa amamatanso.

Chopepuka koposa ndi kupaka. Silver diamine fluoride ndi madzi amene amadonthezedwa pamalo owola kwa mphindi imodzi, n'kuumitsa chowolacho kuti chisapitirire. Amabwereza kamodzi kapena kawiri pachaka. Bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, pamodzi ndi glass ionomer ndi mankhwala otsukira mano a fluoride. Walira mvula walira matope: pamene papakidwa pamada bii, mpaka kale. Pa dzino lakumbuyo palibe amene angadandaule, koma pa lakutsogolo kambiranani kaye, poti alendo adzati mwawalekerera agogo mano awola. Mankhwalawa sathandiza dzino limene lafika kale pa mtsempha kapena lachita mafinya, ndipo si malo onse ali nawo, ndiye funsani. Palinso vanishi wa fluoride wopaka mano onse miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse pofuna kuteteza. Ndipatuke pang'ono: ngati kholo linakulira kumadera monga Nathenje, kumene madzi a m'zitsime zina ali ndi fluoride wochuluka, mathotho ofiirira apamano akhoza kukhala a chibwana, osati kuwola. Asakuzulireni mano chifukwa cha mtundu.

Kuzula ndi kumene zipatala zathu zimachita kwambiri, ndipo anthu ophunzira amakonda kukunyoza. Kwa wodwala dimensha ine sindikunyoza. Dzino la mafinya, logwedera, kapena lothyoka limene likucheka lilime, kulizula kumathetsa nkhani ulendo umodzi. Chovuta chili kunyumba. Ayenera kuluma thonje pafupifupi theka la ola, ndipo adzaiwala chifukwa chake n'kulilavula kapena kufuna kulimeza. Mlomo wa dzanzi adzautafuna. Pabala adzapisapo chala. Pakhale munthu wokhala nawo pafupi maola atatu kapena anayi oyamba. Tsiku limenelo asachukuche, adye phala lozizira bwino, madzi a mchere ayambe mawa lake. Uzani adokotala za aspirin, warfarin, shuga ndi BP asanagwire chitsulo, ndipo musasiye mankhwalawo musanauzidwe. Chimene sindigwirizana nacho ndi maganizo akuti “angochotsa onse tipume”. Mano 20 ogwirana bwino amakwana kutafunira, ngakhale ochepera apo amathandiza, ndipo munthu amene wachotsedwa onse matenda atakula sadzaphunziranso kutafuna ndi oikirira.

Kusiya nakonso ndi chisankho, osati ulesi, malinga wasankha ndi wodziwa. Zitsa za mano zimene zakhala zaka osawawa, osatupa, mwa munthu wofooka amene kupita naye kuchipatala ndi nkhondo, adokotala ambiri amati zisiyeni, muziziyang'ana. Kuyang'anako kukhale kwenikweni: tochi ya foni kamodzi pa sabata, kufuna chotupa, kachiphuphu ka mafinya pankhama, zoyera za ngati mkaka palilime, kapena chilonda. Chilonda chimene chatha masabata atatu osapola chikaonedwe, makamaka kwa amene ankasuta kapena kuika fodya wa m'kamwa.

Akakana kuyasama

Jakisoni wa dzanzi ndi wotetezeka koposa ndipo odwala ambiri amapirira ngati pali nkhope yodziwika pafupi, dzanja lagwiridwa, ndipo ntchito ndi yaifupi. Pemphani kulowa nawo. Mankhwala oziziritsa mtima monga diazepam amaoneka ngati njira yapakati, koma kwa okalamba amachedwa kuchoka m'thupi, amagwetsa, ndipo ena m'malo mofatsa amalusa. Si opereka nokha kunyumba musananyamuke. Akhale oyezedwa ndi dokotala amene aziyang'anira kapumidwe.

Kugonetsa kwa kufiyeta kumalola kuti zonse zichitike kamodzi, wodwala osamva kanthu. Koma kumafuna kuyeza magazi ndi mtima, kusala chakudya maola 6, chinthu chovuta kufotokozera munthu amene akulirira tiyi, ndipo odwala dimensha amakonda kudzuka atasokonezeka kwambiri kwa masiku angapo, ena osabwereranso pamene anali. N'koyenera pamene pali ululu kapena mafinya ndipo njira zina zakanika, osati pokonza maonekedwe. Mukafika pamenepa, pemphani kuti achite zonse zofunika ulendo womwewo kuti musadzabwererenso.

Apa banja likhale pansi. Wosayina ndi mmodzi, koma chisankho chikhale chodziwika kwa amalume, alongo ndi aja ali ku Joni amene amatumiza ndalama, chifukwa zikavuta mlandu umagwera amene amagona ndi wodwala. Ndipo mwini wake afunsidwe, m'mawu osavuta, pa nthawi imene mutu uli bwino. Amayi anga, amene tinkaganiza kuti samvanso kanthu, atafunsidwa anayankha kuti, “Lichotseni, landisowetsa mtendere.”

Mano oikirira

Akale amene anawazolowera, asungeni ngati ndalama. Akakhwepa kapena kuthyoka, akonzedwe omwewo, musapangitse atsopano, chifukwa pakamwa pa munthu woiwala sipaphunzira chinthu chachilendo. Usiku avulidwe, atsukidwe ndi mswachi ndi sopo pamwamba pa beseni la madzi kuti akagwa asasweke, agone m'kapu ya madzi. Kugona nawo kumabweretsa zilonda zofiira m'kamwa. Amatayika kawirikawiri: amakulungidwa m'kansalu, kubisidwa pansi pa pilo, kuponyedwa m'chimbudzi. Kagawo kakang'ono koikirira, ka dzino limodzi kapena awiri, kakayamba kukhwepa, kachotseni, kakhoza kumezedwa.

Atsopano, matenda atafika pakati, kawirikawiri ndi ndalama zotaya. Timawafuna ife ana, kuti amayi aoneke ngati kale pa chithunzi cha ukwati wa mdzukulu. Nsima yofewa, nyemba zosinja, mazira, nsomba yochotsa minga, masamba otendera, chiponde ndi Likuni Phala sizifuna mano ambiri.

Amayi anga tsopano sadzukanso pabedi, ndipo mswachi wa ana uja umangogwira mano anayi akutsogolo. Kotsalako ndi kansalu konyowa, kuzungulira m'masaya ndi palilime akatha kudya, atakhala tsonga, kenako Vaseline pamilomo. Masiku ena amatseka pakamwa gwa, ndipo timawasiya mpaka masana. Dzulo mdzukulu uja, amene pano ali Fomu 3, anayamba kuimba nyimbo ya kwaya yawo yakale ali ndi kansalu m'manja, ndipo pofika pa kolasi anayasama okha kuti ayimbe nawo.